Kodi ophunzira tiwauze kuti vector n'chiyani?

Pafupifupi aliyense amene anadutsa ku sekondale ali ndi yankho lokonzeratu akafunsidwa kuti vector n'chiyani. Amati ndi chinthu chokhala ndi kukula kwake komanso mbali imene chikuloza, akatero n'kujambula muvi. Yankholi limakhozetsa mayeso, ku fizikisi limagwira ntchito bwino ndithu, moti palibe amene amalikayikira. Mavuto amayamba wophunzirayo akafika ku yunivesite n'kulowa m'kalasi ya linear algebra, phunziro la masamu lokhudza ma vector ndi ma matrix. Masabata oyamba zinthu zimayenda myaa: kuphatikiza mivi, kuchulukitsa ma matrix (manambala ondandalikidwa m'mizere ndi m'mizati), kupeza x, y ndi z. Kenako tsiku lina mphunzitsi amalemba pa bolodi kuti x² + 3x − 1 ndi vector, sin x ndi vector, ngakhale matrix yathunthu nayonso ndi vector. Wophunzira wakhama amafunsa chamumtima: nanga sin x ikuloza kuti, ndipo ndi yaitali bwanji? Funsolo ndi lanzeru, koma lilibe yankho, chifukwa latuluka pa tanthauzo loperewera limene tinamupatsa ife tomwe.

Aphunzitsi a phunziroli amaidziwa bwino nyengo imeneyi. M'chaka cha 1993 David Carlson, katswiri wa masamu wa ku America, analemba nkhani yofunsa ngati n'zosapeweka kuti chifunga chizigwa nthawi zonse m'kalasi ya linear algebra. Ankanena za ophunzira amene amawerengera ma matrix bwinobwino, koma akangofika pa subspace, span ndi linear independence, saonanso kutsogolo. Ine ndikukhulupirira kuti chifungacho chimayamba kufuka kale kwambiri, tsiku loyamba lenileni, pa chiganizo choyamba chimene mphunzitsi amanena za vector. Chiganizo chimenecho wophunzira amachisunga ngati mwala wa maziko, ndipo zonse zobwera pambuyo amaziyeza nacho.

Muvi uli ndi mbiri yake yolemekezeka. William Rowan Hamilton wa ku Dublin atatulukira ma quaternion (manambala a zigawo zinayi) mu 1843, gawo lawo la manambala atatu analitcha vector, ndipo m'zaka za m'ma 1880 Josiah Willard Gibbs wa ku Yale ndi Oliver Heaviside wa ku England, aliyense payekha, analipatula gawolo kuti lizigwira ntchito pa nkhani za magetsi ndi maginito. Anthuwa ankafuna chida chowerengera mphamvu zokoka ndi zokankha m'dziko lathu lino la m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Pa ntchito imeneyo muvi ndi wabwino kwambiri. Koma linear algebra ndi phunziro lina, lofunsa mafunso ena, ndipo muvi ukalowamo ngati tanthauzo umayamba kusokoneza.

Ngakhale tisanafike pa sin x, tanthauzoli limatsimphina. Vector ya ziro ikuloza kuti? Sikuloza kulikonse, komabe ndi vector, ndipo popanda iyo phunziro lonse silingaime. Mivi iwiri yofanana kutalika, yoloza mbali imodzi, wina uli kumanzere kwa bolodi wina kumanja, timati ndi vector imodzi. Ndiye kuti vector si muvi umene tajambulawo ayi, ndi china chake chimene mivi yonseyo ikuimira, ndipo chinacho sitinachitchule. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti tanthauzoli limaika patsogolo zinthu ziwiri, kutalika ndi mbali, zimene vector space (gulu limene ma vector amakhalamo) payokha ilibe n'komwe. Zimabwera mochedwa, tikawonjezera chida china chotchedwa inner product. Choncho timayamba ndi kulonjeza wophunzira zinthu zimene phunzirolo silimupatsa mpaka kumapeto kwa teremu, n'kubisa zinthu ziwiri zimene azigwiritsa ntchito tsiku lililonse, zomwe ndi kuphatikiza ndi kuchulukitsa ndi nambala.

Ambiri amene anaona vutoli anasamukira ku tanthauzo lachiwiri: vector ndi mndandanda wa manambala. Gulu la aphunzitsi a ku America, momwe munali Carlson yemwe uja pamodzi ndi David Lay, Charles Johnson ndi Duane Porter, linalangiza mu 1993 kuti kosi yoyamba izitsamira pa ma matrix ndi mindandanda yotere. Gilbert Strang, amene anaphunzitsa phunziroli ku yunivesite ya MIT ku America kwa zaka zambiri mpaka 2023, ndipo makalasi ake pa intaneti aphunzitsa anthu dziko lonse lapansi, amayamba ndi mizati ya manambala, koma mwamsanga amaika m'manja mwa wophunzira chinthu chofunika koposa, chomwe ndi linear combination: tenga vector iyi kangapo, iyo kangapo, uphatikize. Njira imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Ndi yoona kuposa ya muvi, ndipo imatsegula khomo la zinthu zimene sizijambulika.

Tengani thumba la feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S. Manambala olembedwa pathumbapo akutiuza kuti m'makilogalamu 50 muli makilogalamu 11.5 a nayitirojeni, 10.5 a fosifeti, mulibe potaziyamu, ndipo muli makilogalamu 2 a salufa. Tilembe (11.5, 10.5, 0, 2). Thumba la feteleza wobereketsa wa Urea, wokhala ndi nayitirojeni 46 pa 100 iliyonse, ndi (23, 0, 0, 0). Mlimi akathira matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a wobereketsa, munda walandira (92, 21, 0, 4). Apa wophunzira wachita linear combination m'malo a ma dimension anayi, popanda kujambula kalikonse, ndipo mutu sunamuime. Mufunseni tsopano kuti asakanize bwanji matumba awiriwa kuti munda ulandire potaziyamu. Ayankha msanga kuti sizingatheke, ngakhale atathira matumba ochuluka chotani, chifukwa chosowacho mulibe mu lililonse. Wamva tanthauzo la span asanamve dzina lake. Wadziwanso chifukwa chake ma equation ena alibe yankho.

Wina anena kuti palibe munthu angathire thumba lochepera ziro, ndipo akunena zoona. Manambala a negativu amalowa tikayamba kuyerekeza zimene munda ukufuna ndi zimene walandira, pamene zina zapitirira ndipo zina zaperewera. Ndi bwino kuuza ophunzira malire a chitsanzo chilichonse poyera, m'malo moyembekeza kuti sawaona.

Chitsanzo chomwechi chimaonetsa chifukwa chake kutalika si gawo la tanthauzo. Mukatenga (92, 21, 0, 4) n'kuwerengera monga mwa Pythagoras, mupeza nambala yoposa 94 pang'ono. Nambala imeneyi siikuimira kanthu kalikonse m'munda. Lembani salufa m'magalamu m'malo mwa makilogalamu, 4 asanduke 4000, ndipo “kutalika” kuja kudumpha kufika pa 4001, pamene feteleza ndi yemweyo. Koma kuphatikiza ndi kuchulukitsa sikusokonezeka: matumba awiri ndi atatu akupereka zomwezo, kaya mulembe m'magalamu kaya m'makilogalamu. Zimene zimatsala osagwedezeka tikasintha miyezo ndi zimene tiyenera kumangapo tanthauzo.

Komabe tanthauzo la mndandanda lili ndi msampha wake, wobisika kuposa wa muvi. Kodi zimene munda uja walandira ndi (92, 21, 0, 4) kapena ndi (2, 3)? Wasayansi woyeza nthaka anena zoyambazo. Wogulitsa m'sitolo anena kuti awiri a wokulitsa ndi atatu a wobereketsa. Onse akulondola, ndipo akunena chinthu chimodzi. Wina wagwiritsa ntchito manambala anayi, wina awiri. Ngati vector ndi mndandandawo, ndiye kuti tili ndi ma vector awiri osiyana, osafanana ngakhale kuchuluka kwa manambala ake. Koma ngati vector ndi chakudya chimene chalowa m'nthaka, ndiye kuti mindandanda iwiriyi ndi malembedwe chabe, aliwonse motengera zimene wolembayo wasankha kuwerengera. Chosankhidwacho ndi basis, ndipo manambalawo ndi ma coordinate.

Pamenepa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Amene anakula akudziwa kuti vector ndi manambala ake, akafika pa kusintha basis amamva ngati mphunzitsi akunena kuti (92, 21, 0, 4) ndi chimodzimodzi (2, 3), zomwe m'maso mwake ndi bodza. Ndiye amasiya kuganiza, amaloweza kuti pali matrix P, ndipo nthawi zina umachulukitsa ndi P, nthawi zina ndi inverse yake, n'kumapemphera kuti pa mayeso akumbukire bwino. Joel Hillel, amene anafufuza za kaphunzitsidwe ka phunziroli ku Canada, anafotokoza kuti m'kalasi ya linear algebra timayankhula ziyankhulo zitatu, cha mivi, cha mindandanda ya manambala ndi cha ma vector space, ndipo timadumpha kuchoka ku china kupita ku chinzake osachenjeza omvera. Choipitsitsa n'chakuti mu Rⁿ, lomwe ndi gulu la mindandanda yonse ya manambala n, vector ndi ma coordinate ake mu basis yozolowereka zimalembedwa mofanana ndendende, choncho wophunzira amene sanatulukemo mu Rⁿ alibe mwayi woona kuti ndi zinthu ziwiri. Ma eigenvector ndi diagonalization, zomwe ndi mtima wa phunziroli, zonse ndi nkhani yosankha basis yabwino. Munthu amene sanasiyanitse chinthu ndi kalembedwe kake sangamve chifukwa chake tikuvutikira zimenezi.

Ndiye kodi tiyambe ndi tanthauzo lenileni, lija la akatswiri? Vector ndi membala wa vector space, ndipo vector space ndi gulu la zinthu lokhala ndi kuphatikiza ndi kuchulukitsa kotsatira malamulo asanu ndi atatu. Tanthauzoli ndi loona kotheratu. Koma kulilemba pa bolodi tsiku loyamba, malamulo onse ndondondo, n'kuyamba kutsimikizira kuti ziro kuchulukitsa vector iliyonse ndi ziro, kumataya anthu ambiri nthawi yomweyo. Amaona ngati tikutsimikizira zinthu zodziwika kale, pogwiritsa ntchito malamulo amene sakudziwa komwe achokera. Jean-Luc Dorier ndi anzake ku France, kumene phunziroli linkaphunzitsidwa motere kwa nthawi yaitali, analemba zambiri za chopinga chimenechi. Anasonyeza kuti malamulowa anabwera kudzamanga pamodzi zinthu zambiri zimene akatswiri ankazidziwa kale padera-padera. Wophunzira amene sanaone zinthu zambirizo alibe choti amange.

Mbiri yake ikuchitira umboni. Hermann Grassmann anali mphunzitsi wa sekondale mu mzinda wa Stettin, umene lero ndi Szczecin ku Poland. Mu 1844 anasindikiza buku lokhala ndi pafupifupi maganizo onse aakulu a phunziroli: linear combination, independence, dimension, m'malo a ma dimension ochuluka mmene munthu angafunire. Akatswiri a nthawi yake sanaliwerenge, ndipo ochepa amene anayesa anadandaula kuti silimveka. Analilembanso mwatsopano mu 1862, koma zinthu sizinasinthe kwenikweni. Sanapatsidwe mpando ku yunivesite iliyonse, ndipo ulemu umene anaulandira ali moyo unachokera ku ntchito ina, ya chiyankhulo cha Sanskrit, komwe analemba dikishonale ya Rig Veda. Anamwalira mu 1877.

Mu 1888 Giuseppe Peano wa ku Turin, atawerenga Grassmann, analemba malamulo a vector space momveka bwino, pafupifupi mmene timawalembera lero, n'kuperekanso chitsanzo cha ma polynomial (monga x² + 3x − 1 uja). Nawonso anakhala zaka pafupifupi 30 osagwiritsidwa ntchito kwenikweni. Hermann Weyl anawalembanso mu 1918 pofotokoza za relativity, ndipo Stefan Banach, mu ntchito yake ya udokotala ya 1920 ku Lwów yomwe inasindikizidwa mu 1922, anawaika pa maziko a kafukufuku wa ma function. Apa m'pamene anagwira moto, chifukwa tsopano panali anthu ambiri ogwira ntchito ndi zinthu zimene sizinali mivi kapena mindandanda yaifupi, koma zinkaphatikizika ndi kuchulukitsika, ndipo anatopa kutsimikizira mfundo imodzi kambirimbiri. Ngati akatswiri okhaokha anafunika kumva njala ya malamulowa asanawalandire, n'kupanda chilungamo kuyembekeza kuti mwana wa chaka choyamba awakonde Lolemba m'mawa.

Zimene ndikanakonda kumva tsiku loyamba ndi izi. Ma vector ndi zinthu za gulu limodzi zimene tingaziphatikize ziwiriziwiri, komanso kuchulukitsa chilichonse ndi nambala, zotsatira zake n'kukhalabe m'gulu lomwelo, ndipo kuwerengera kwake n'kumayenda monga tinazolowera. Chiganizochi n'chachifupi ngati cha muvi chija, mwana wa Fomu 4 angachimve, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti sitidzachibweza. Sabata lachisanu ndi chimodzi tidzangofotokoza bwino mawu akuti “monga tinazolowera”, ndipo kufotokozako ndiwo malamulo asanu ndi atatu aja. Chikuphunzitsanso chinthu chimene matanthauzo awiri aja amabisa: funso lakuti “kodi ichi ndi vector?” silingayankhidwe poyang'ana chinthu chimodzi chili chokha. Liyenera kukhala lakuti chili m'gulu liti, chimaphatikizidwa bwanji ndi anzake, ndipo tikuchulukitsa ndi manambala amtundu wanji.

Koma chiganizocho chisayende chokha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Sabata loyamba lomwelo wophunzira aone mivi, aone mindandanda ngati ya feteleza ija, ndipo aone chinthu chachitatu chimene sichifanana ndi ziwirizi ngakhale pang'ono. Chachitatuchi ndi chimene makosi ambiri amachisunga mpaka mochedwa, pamene maganizo a wophunzira auma kale.

Chimene ndimachikonda ine ndi manambala ondondozana amene iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake. Odziwika kwambiri ndi a Fibonacci: 1, 1, 2, 3, 5, 8, mpaka kalekale. Palinso a Lucas: 2, 1, 3, 4, 7, 11. Aphatikizeni malo ndi malo, mupeza 3, 2, 5, 7, 12, 19. Yesani: 3 ndi 2 ndi 5, 2 ndi 5 ndi 7, 5 ndi 7 ndi 12. Lamulo lija lasungika. Chulukitsani a Fibonacci ndi 10, lamulo likadalipo. Choncho mizere yonse yomvera lamuloli ndi ma vector, ngakhale uliwonse ndi wosatha ndipo sungajambulidwe ngati muvi. Kuti ophunzira asaganize kuti chilichonse chimatheka, aoneni lamulo lina, lakuti nambala iliyonse iziposa ya m'mbuyo mwake ndi 1. Phatikizani 1, 2, 3 ndi 5, 6, 7, mupeza 6, 8, 10, zomwe zikudumpha ndi 2. Tatuluka m'gulu. Gulu limeneli si vector space, ndipo wophunzira waona ndi maso ake chimene chasweka.

Tibwerere ku gulu loyamba lija, chifukwa lili ndi zambiri. Mzere uliwonse, ngakhale ndi wosatha, umadziwika wonse tikangodziwa manambala ake awiri oyamba. Ndiye kuti dimension yake ndi 2, chimodzimodzi pepala lojambulapo mivi. Basis yoonekeratu ndi mzere woyamba ndi 1, 0 ndi wina woyamba ndi 0, 1. Koma pali basis ina yabwino koposa. Tifunse ngati pali mzere wa mtundu wa 1, r, r², r³ womvera lamulo lathu. Zimenezi zikufuna kuti r² ifanane ndi r + 1, ndipo mayankho ake ndi awiri: (1 + √5)/2, pafupifupi 1.618, ndi (1 − √5)/2, pafupifupi −0.618. Tapeza ma vector awiri osadalirana m'malo a dimension 2, choncho mzere wina uliwonse ndi linear combination ya awiriwa. Mzere wa 0, 1, 1, 2, 3, 5 ukalembedwa mu basis imeneyi, ma coordinate ake ndi 1/√5 ndi −1/√5, ndipo nambala ya pa malo n imapezeka mwachindunji popanda kuwerenga zonse za m'mbuyo. Yesani pa n = 10, powerenga malo kuyambira pa 0: 1.618 kudzichulukitsa kakhumi ndi pafupifupi 123, kugawa ndi √5 ndi 55 (gawo la −0.618 ndi laling'ono kwambiri moti tingalisiye), ndipo n'zoona, nambala ya Fibonacci ya pa malo amenewo ndi 55.

Ndakhalitsa pa chitsanzochi chifukwa chimachita zimene mivi ndi mindandanda sizingathe. Mzere umodzi womwewo uli ndi ma coordinate (0, 1) mu basis ina ndi (1/√5, −1/√5) mu inzake, ndipo palibe wophunzira angasokoneze mzerewo ndi ma coordinate ake, chifukwa mzerewo ndi wosatha pamene ma coordinate ndi awiri okha. Komanso wapindula kanthu kooneka: kusintha basis kwamupatsa njira yachidule imene analibe. Akadzafika pa ma eigenvector adzazindikira kuti anakumana nawo kale, ndipo akadzauzidwa kuti mayankho onse a y″ + y = 0 ndi ma linear combination a sin x ndi cos x, sadzafunsanso kuti sin x ikuloza kuti.

Muvi sindikuuthamangitsa m'kalasi. Ndi chithunzi chabwino kwambiri chimene tili nacho, ndipo akatswiri enieni, ngakhale akuganiza za ma function, amajambula mivi pa pepala kuti aone njira. Ukhale chithunzi chothandiza kuganiza, ndipo tiwauze ophunzira poyera kuti ndi chithunzi.

Ophunzira akaona magulu atatu kapena anayi otere, malamulo aja amafika ngati yankho la funso limene ayamba kale kudzifunsa: kodi n'chiyani kwenikweni chikuchititsa kuti njira zomwezo zizigwira ntchito ponseponse? Pamenepo ngakhale lamulo looneka lopanda ntchito, lakuti 1 kuchulukitsa v ndi v, limapeza malo ake. Tengani mindandanda ya manambala awiri, muziphatikiza mwa nthawi zonse, koma mulamule kuti nambala iliyonse kuchulukitsa vector iliyonse izipereka ziro. Malamulo ena asanu ndi awiri onse asungika, koma kuchulukitsa kwafa, ndipo palibe basis imene ingapezeke. Ndi lamulo laling'ono lija lokha limene limatseka khomo limeneli. Pali chitsanzo china chimene chimagwedeza kalasi bwino: manambala onse oposa ziro, pomwe “kuphatikiza” x ndi y ndiko kuwachulukitsa, ndipo “kuchulukitsa” x ndi c ndiko kukweza x ku mphamvu ya c. Malamulo onse asanu ndi atatu asungika, ndipo vector ya ziro m'gulu limeneli ndi nambala 1, chifukwa ndi imene siisintha inzake. Wophunzira amene wamvetsa zimenezi wadziwa kuti ziro wa vector space amadziwika ndi ntchito yake. Zitsanzo ziwirizi ndi za sabata lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, osati loyamba.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi a ophunzira za uinjiniya, zachuma ndi zamakompyuta anganene: ana athu akufuna kuwerengera, nthawi ndi yochepa, makalasi ndi odzaza, ndipo mu kompyuta vector ndi mndandanda wa manambala basi. Dandauloli ndi lomveka, ndipo sindikupempha kuti kosi yawo isanduke ya maumboni okhaokha. Gawo lalikulu la teremu likhalebe mu Rⁿ, ndi ma matrix ndi Gaussian elimination. Ndikupempha maola awiri kapena atatu a kumayambiriro, ndi chizolowezi chimodzi cha teremu yonse, chofunsa nthawi iliyonse mndandanda ukalembedwa kuti manambalawa akuwerenga chiyani. Injiniya ndiye amafunika zimenezi kuposa wina aliyense. Akadzaphunzira njira ya Fourier yosanthulira mafunde adzauzidwa kuti mafunde a mawu kapena a magetsi angalembedwe ngati manambala a nthawi ndi nthawi, kapena ngati manambala a ma frequency. Imeneyo ndi vector imodzi mu ma basis awiri, nkhani yomwe ija ya woyeza nthaka ndi wogulitsa m'sitolo.

Wa zamakompyuta naye ali ndi chitsanzo chakechake chimene muvi sungafikeko. Tilole manambala awiri okha, 0 ndi 1, ndi lamulo lakuti 1 kuphatikiza 1 ndi 0. Mizere ya ma bit asanu ndi awiri ilipo 128, ndipo ndi vector space yokwanira, momwe vector iliyonse ukaiphatikiza ndi iyo yomwe umapeza ziro. Mu 1950 Richard Hamming wa ku Bell Labs anasindikiza njira yokonzera zolakwika pa uthenga, imene lero timaifotokoza motere: mwa mizere 128 ija timasankha subspace (vector space yaing'ono ya m'kati mwa inzake) ya dimension 4, yokhala ndi mizere 16, yosankhidwa mwakuti iwiri iliyonse imasiyana m'malo osachepera atatu. Bit imodzi ikasokonezeka panjira, wolandira amadziwa kuti pali cholakwika, amadziwanso malo ake, n'kukonza. Mawu onse amene tagwiritsa ntchito, subspace, dimension, basis, ali ndi tanthauzo lomwelo limene anali nalo pa feteleza ndi pa Fibonacci, chifukwa onse anamangidwa pa kuphatikiza ndi kuchulukitsa basi.

Pomaliza pali nkhani ya mayeso, chifukwa ophunzira amakhulupirira zimene timafunsa kuposa zimene timanena. Funso lakuti “tsimikizirani malamulo onse asanu ndi atatu” limayesa kuloweza ndi liwiro la dzanja. Ndikanakonda funso lotere. Mwa ma polynomial a digiri yosapitirira 2, tengani gulu la amene amapereka 0 tikaika x = 1, ndi gulu la amene amapereka 1. Ndi liti lili vector space? Loyamba, chifukwa m'lachiwiri awiri akaphatikizidwa amapereka 2, n'kutuluka m'gulu. Kenako lembani x² + 3x − 4 mu basis ya x − 1 ndi x² − 1, mulembenso mu basis ya x − 1 ndi (x − 1)². Mayankho ake ndi (3, 1) ndi (5, 1). Gawo lotsiriza, la mamalikisi ambiri, lifunse wophunzira kuti afotokoze m'mawu akeake chifukwa chake mayankho awiriwa sakutsutsana.